Mkamwini Amene Sanalowe Pansi pa Galimoto

Panali munthu wina, mlimi wa mbatata ya kachewere kumapiri a ku Dedza. Anali mkamwini. Nyumba anamanga yekha, koma malo anali a kwawo kwa mkazi wake, munda nawonso chimodzimodzi. Mwini mbumba pamudzipo anali malume a mkaziyo, munthu woti akatsokomola aliyense amasiya kulankhula.

Mlimiyu chinkamuwawa chinthu chimodzi. Tsiku la msika likafika, mkazi wake ankatsika phiri atasenza mbatata, n'kubwerako madzulo khosi litauma gwa. Bamboyo anatsimikiza mtima kuti agule galimoto yoti mkazi wake azikwera pamodzi ndi katundu wake. Anadzimana kwa zaka zingapo, mpaka anagulitsa ng'ombe zimene bambo ake anamusiyira.

Malume aja anali ndi pikapu yakale. Inatha zaka ikunyamula feteleza m'dzinja, matumba ena ong'ambika, mvula ikuthira pamwamba. Mukudziwa zimene feteleza wonyowa amachita ndi chitsulo. Amachidya ngati chiswe. Atamva kuti mkamwini akufunafuna galimoto, malumewo anatumiza mawu akuti chuma chisapite kwa alendo, galimoto ili pakhomo pomwepo.

Tsiku lokaiona, anaipeza ili pabwalo, yopakidwa penti watsopano wabuluu, ikuwala ngati mkwatibwi. Anthu anali atasonkhana kale. Apongozi ake aakazi anakhala pakhonde, mkazi wake pambali pawo.

Musaganize kuti munthuyu anali chitsiru. Akanakhala chitsiru, bwenzi ndikumumvera chisoni, osati kupsa mtima chonchi. Galimoto ankazidziwa. Analiza injini, namvetsera. Anayang'ana utsi, anayesa mabuleki, anaona magetsi. Ankadziwanso kuti dzimbiri silikhala poonekera. Limabisala pansi, pa tchesisi, zitsulo ziwiri zazitali zija zimene zimanyamula galimoto yonse, makamaka pamene masipuling'i akumbuyo amagwira. M'thumba mwake munali sipanala yoti agogodere zitsulozo, pakuti chitsulo chamoyo chimalira ngwe, chowola chimangoti phu.

Anagwada pafupi ndi tayala lakumbuyo, napisa dzanja pansi. Anakhudza phula wakuda, wongopakidwa kumene, womatabe zala. Anadina ndi chala chachikulu. Chitsulo chinafumbutuka. Atatulutsa dzanja, m'chikhatho munali tizibenthu tofiirira tonga makungwa a mtengo wouma.

Anaona ndi maso ake. Ichi musachiiwale. Chimene chinatsala kunali kugona chagada, kulowa pansipo ndi kugogoda.

Pamenepo malume aja anaseka mokweza.

"Akamwini, mwataya chiyani pansipo?"

Anthu anaseka nawo. Kenaka nkhope ya malume inasintha.

"Kapena mukuti ine ndingagulitse chowola kwa mwana wanga yemwe? Chabwino, lowani. Lowani pansipo, anthu onsewa aone kuti pamudzi pano wakuba ndine."

Mlimi uja anayang'ana kukhonde. Apongozi ake anali atayang'ana kumbali, mkazi wake atazolika. M'mutu mwake munabwera mawu amene anauzidwa tsiku lolowa m'mudzimo, akuti mkamwini asamakule mwendo.

Anadzuka. Anapukutira dzimbiri lija ku buluku lake, nasasa fumbi m'mawondo.

"Iyayi bambo, pepani. Ndimangoona matayalawa."

Ndipo anaigula.

Ha, munthu iwe! Mulungu anakupatsa maso, nakuikira umboni m'manja, iwe n'kupukutira ku buluku. Chifukwa chiyani? Kuti munthu wamkulu asachite tsinya. Anthu anawomba m'manja, malume anamutcha mkamwini waulemu, iye n'kumamwetulira.

Galimoto inayenda chilimwe chonse. Inali yake tsopano, ili pakhomo pake, ndipo palibe akanamuletsa kulowa pansi. Koma sanalowemo. Ankaopa kuona, chifukwa akaona anayenera kukalankhula, ndipo kukalankhula kunali kukaima pamaso pa malume. Choncho ankangoyendetsa pang'onopang'ono, kuzemba maenje, n'kumadziuza kuti mwina linali dzimbiri lapamwamba chabe. Galimoto ikalira kwe kumbuyo, iye ankakweza wailesi.

Mvula inagwa, msewu wa m'phiri unakumbika. Tsiku lina la msika anapakira matumba a mbatata mpaka pamwamba. Ali pafupi kunyamuka, malume aja anatulukira atavala jekete, nati nawonso ali ndi ulendo wa kumsika. Nanga munthu wamkulu angakhale kumbuyo? Mkazi uja anatsika pa mpando wakutsogolo, nawapatsa malume ake malo, iye n'kukwera pamwamba pa matumba.

Pa mtsetse waukulu tayala lakumbuyo linagwera m'dzenje. Dzenjelo silinali lalikulu, galimoto yabwino ikanangodumpha. Koma chitsulo chija chinaduka pamalo pomwe paja chala chinalowa. Sipuling'i inazuka, matayala akumbuyo anapotoka, galimoto inatembenuzikira m'ngalande.

Amuna awiri akutsogolo anatuluka ndi timabala ta magalasi. Mkazi anamupeza pansi pa matumba. Anali moyo, akulankhula, akufunsa ngati malume ake ali bwino. Koma msana unali utathyoka. Kuchipatala anauza mwamuna wake kuti sadzayendanso.

Akuluakulu amati manyazi anapha lambe. Bola lambe anafa yekha. Manyazi a bamboyu anapundula munthu wina, amene sanaguleko galimoto, sanagulitseko, sananeneko kanthu.

Mkazi atatuluka m'chipatala, abale anasonkhana kuti akambe za ngoziyo. Woweruza nkhani anali ndani? Mwini mbumba. Malume omwe aja anakhala pa mpando, mkamwini pansi pa mphasa. Galimoto inali poteropo, atachita kuikoka ndi ng'ombe, mimba yake ili poyera. Aliyense ankatha kuona chitsulo chodukacho, chofiira, chobowokabowoka, phula akulendewera.

Malume anachiyang'ana nthawi yaitali, napukusa mutu.

"Akamwini, ife tinakupatsani mwana wathu akuyenda ndi miyendo yake iwiri. Taonani chitsulochi. Munthu wamkulu ngati inu, wodziwa magalimoto, mumagula bwanji galimoto osayang'ana pansi?"

Anthu amene anaseka tsiku lija anali pomwepo. Onse anamva funsolo, onse ankadziwa yankho lake. Mkazi uja anali m'nyumba, pamphasa, akumva zonse.

Mlimi uja anazolika, nawomba m'manja mwaulemu.

"Ndalakwa, bambo."

Apo ndiye ananena zoona, ngakhale kuti ankapepesa kwa munthu wolakwika.

Tsono inu amene mukundimva, musandiuze kuti woipa ndi malume yekha. Malume ndi woipa ndithu, ndipo mlandu wake akauyankha kwa Mwini wake. Koma anthu opaka phula pa dzimbiri sadzatha pa dziko lino, ndipo ambiri a iwo si alendo ayi. Ndi a pakhomo panu, a ku mpingo kwanu, anthu amene mumawagwadira popereka moni. Chida chawo ndi chimodzi: kukuchititsani manyazi kuti musayang'ane. Munthu amene katundu wake ali bwino sakwiya mukamagogoda, amakubwerekani mphasa yoti mugonepo.

Ulemu ndi wabwino, ndipo ine ndakuphunzitsani ulemu kuyambira muli ana. Koma ulemu umene umakutsekani maso pa chinthu choti chinyamule mkazi wanu ndi ana anu si ulemu, ndi mantha. Perekani moni, gwadani, womberani m'manja. Mukatero gonani chagada, lowani pansi, gogodani chitsulo chilichonse. Akakusekani, sekani nawo muli pansi pomwepo. Akakwiya, akwiye. Mkwiyo wa malume umatha, koma msana ukathyoka sulumikizika.