A Tolibjon Pamwamba pa Khoma

Tsiku limene a Tolibjon anatsegula geti la nyumba yomwe anagula ku Margilan, akazi awo a Muqaddas analowa m'chipinda chochezera, n'kugwira m'chiuno, n'kuyang'ana kumwamba. Anali m'nyumba, koma ankaona mitambo.

"Bambo a Sanjar, mwagula nyumba kapena bwalo la mpira?"

"Ndagula makoma olimba, mayi a Sanjar. Denga ndi nkhani ya masabata awiri basi."

Nyumbayo inali ya makolo a Behruz, ndipo amene ali ndi foni m'dziko muno dzinali amalidziwa. Mwana uja anatchuka ndi pakamwa. Ankajambula anthu kumsika, kumaukwati, ngakhale kumaliro, n'kumawanyoza pa intaneti, anthu n'kumaseka mpaka kugwira nthiti. Atafuna galimoto yonyezimira yoti azionekera, anapereka nyumba ya makolo ake ngati chikole ku banki. Zitavuta anakwera ndege, amayi ake anakakhala kwa mwana wawo wamkazi ku Tashkent, ndipo banki inakhoma loko wake pageti. Kwa zaka zitatu eni nyumba anali nkhunda. Mpesa unakwawa mpaka kulowa pawindo, ndipo theka la denga linagwera m'kati.

A Tolibjon anali mmisiri womanga nyumba. Anatha zaka makumi awiri ali ku Russia, ndipo ukacheza nawo kwa mphindi zisanu unkadziwa kale kuti anamangako nyumba yosanjikizana kasanu ndi kanayi. Kumeneko ndiye ankapha mphwayi ndi makanema a Behruz pa nthawi yopuma. Choncho a Tolibjon anawadziwa anthu oyandikana nawo asanawapatse moni n'komwe. Ankamudziwa mayi wa miseche wa pakona, ankamudziwa mphunzitsi wogona m'kalasi, koma makamaka ankawadziwa a Ergash ophika buledi, amene kanema wina anawaonetsa ali padenga la nyumba yomweyi, lata lili m'manja. Behruz anawapatsa dzina loti Mbava ya Malata.

Changu cha denga chinali ndi chifukwa chake. Mwana wawo Sanjar, amene ankagwira ntchito ku Korea, anali atapeza mbeta, ndipo kuntchito anamupatsa tchuthi cha mwezi umodzi wokha kuti adzakwatire. Bambo a mtsikanayo, a Mirzohid, sanapsatire mawu. Anati Lamlungu lomaliza la Okutobala adzabwera kudzaona kumene mwana wawo akakhale, ndipo akadzapeza nyumba yopanda denga, ukwati udikire chaka china. A Muqaddas anali atamukonda kale mtsikanayo, ndipo ankadziwa kuti pa chaka chimodzi pamadutsa afunsiri ambiri.

"Tiyeni tiitane hashar," anatero iwo tsiku lachiwiri. "Ine ndiphika osh, mpunga wa nyama ndi karoti uja, inu mugogoda m'makomo, anthu abwera ndi nyundo zawo. Tsiku limodzi kapena awiri denga latha. Si mmene timachitira?"

"Ndiitane ndani? Mbava ya Malata idzandikhomere malata?"

"Inu munawaona akuba?"

"Anthu mamiliyoni awiri anawaona."

Za kulemba amisiri olipidwa a Muqaddas sanazitchule n'komwe, poti ankadziwa yankho lake. Mmisiri alembe mmisiri, anthu amva bwanji?

Madzulo a tsiku lomwelo a Ergash anafika pageti ndi buledi anayi otentha atakulungidwa pansalu. Anali munthu wamfupi, wamasaya, manja ake ofiira ndi moto wa ng'anjo. A Tolibjon anatsegula geti pang'ono chabe, mpata wongokwana buledi.

"Takulandirani, achimwene," anatero a Ergash. "Mukafuna manja tilipo. Kungonena basi."

"Zikomo. Manja ndili nawo awiri."

Mlendo atachoka, a Tolibjon anapita kukawerenga malata awo atsopano. Anali onse, koma anawamangabe ndi tcheni.

Kunena zoona, bamboyo ntchito ankaidziwa. Anachotsa mitengo yowola, anakonza pamwamba pa makoma, anapala matabwa mpaka kusalala. Chimene anaiwala n'chakuti ku Russia kuja kunali makina onyamula katundu ndi anzawo makumi atatu. Kuno thabwa lililonse linkafuna munthu kumutu ndi munthu kumchira, ndipo iwo ankathamangira mbali zonse ziwiri. Masabata awiri aja anakhala atatu. Masiku ena, makamaka Loweruka, kunkabweranso otsatira a Behruz kudzajambulitsa pageti lobiriwira lija, ena kudzalemba mawu achikondi pakhoma, ena kudzalemba matemberero, ndipo a Tolibjon ankataya theka la tsiku akuwapirikitsa ndi tsache. Tsidya lina la msewu, pamalo omwera tiyi, azibambo a m'deralo ankangokhala phee, makapu m'manja, akuonerera.

A Muqaddas anayamba kuwonda. Sanjar akaimba foni n'kufunsa za denga, iwo ankatembenuzira nkhani ku zovala za ukwati.

Linafika Lachinayi, kutatsala masiku atatu. Kumapiri kunali kutada, ndipo aliyense ankadziwa kuti mvula ili panjira. Chimene chinatsala chinali mtanda waukulu wa pakati, umene matabwa onse a denga amatsamira, mtengo woti amuna asanu ndi mmodzi amaunyamula akubuula. A Tolibjon anadzuka ndi nzeru. Anazika chitsulo pamwamba pa khoma, anakolekapo chingwe, anamanga mtanda uja, n'kukwera.

"Bambo a Sanjar, mudzandisiyira umasiye ukwati usanachitike."

"Chokani pamenepo, muone mmene timachitira ku Russia."

Mtanda unakwera ndithu, mwina mpaka theka. Kenaka unatembenuka mwa kufuna kwake, unamenya makwerero, makwerero n'kugwa khuu! Mutu wa mtandawo unadzakhala pakhoma, n'kupanikiza chijasi cha a Tolibjon, pamene mchira wake unkalendewera pamwamba penipeni pa mawindo atsopano a chipinda cha mkwatibwi. Bamboyo anatsala atakhala pakhoma, mwendo uku mwendo uku, manja onse awiri ali pachingwe. Kusiya chingwe kunali kuphwanya chipinda. Kutsika kunali kosatheka.

A Muqaddas anayang'ana makwerero, anayang'ana amuna awo. Makwerero akanatha kuwadzutsa, koma anawadumpha, n'kupita kukatsegula geti lonse mbee.

Sipanatenge nthawi. Azibambo a pa tiyi aja anaoloka msewu, a Ergash anatulukira ufa uli m'mikono, mphunzitsi uja anabwera, mayi wa pakona naye sanatsale. Onse anafika pageti n'kuima. Palibe amene anaponda m'kati.

"Mwadzuka bwanji kumwambako, achimwene?" anafunsa a Ergash, manja ali kumbuyo.

"Ndadzuka bwino. Ndikupumako pang'ono."

"Eya, malo abwino opumira. Mapiri akuoneka?"

"Akuoneka."

"Mvula ili pati?"

A Tolibjon anagwiritsitsa chingwe. Thukuta linali kamukamu.

"Anthuni, lowani!" anakuwa a Muqaddas. "Simukuona kuti munthu afa?"

"Pepani, mlamu," anatero a Ergash. "Mwini khomo ali pomwepo, ndipo pakamwa ali napo. Pakhomo lino sitilowa osaitanidwa. Tinalowapo kamodzi. Mphepo inasasula malata pamwamba pa bedi la amayi a Behruz, iwo akudwala. Tinakwera anthu asanu kukakhomera, mwana wawo ali pansi ndi foni. Mawa lake dziko lonse linkanditcha mbava. Mwana wanga wamkazi anakhala sabata yathunthu osapita kusukulu, akungolira. Ndiye tinalumbira. Nyundo zathu takhala tikuzipukuta masabata atatu, koma wina anene kaye."

Mawu amenewa anawalasa a Tolibjon kuposa chingwe chimene chinkawadula m'manja. Manyazi anawagwira, manyazi enieni, chifukwa iwo anali mmodzi mwa mamiliyoni awiri aja, ndipo sanangoseka chabe.

"A Ergash," anatero ndi mawu otsika, "pansi pa kanema uja ndinalembapo ine. Ndinati mbava ya nkhope yonenepa."

A Ergash anakanda kumutu, ufa n'kugwera paphewa.

"Munali inu? Amene anaika chithunzi cha nyumba yaitali?"

"Ndinali ine. Mundikhululukire."

"Akazi anga anati mwa onse olemba aja, inu nokha ndi amene munanenako theka la zoona." Anasisita masaya awo. "Za mbavazo mwabweza. Za nkhopezo zisiyeni, umboni ulipo."

Anthu anaseka chikhakhali, koma miyendo yawo sinasunthe. Chingwe chinaterereka pang'ono, ndipo mchira wa mtanda unagunda felemu ya windo.

"Ndithandizeni," anatero a Tolibjon.

"Mwati bwanji? Ng'anjo inandigonthetsa khutu ili."

"Ndati ndithandizeni!"

"Aphunzitsi, mwamva chilichonse inu?"

"Ine ndinali m'tulo," anatero mphunzitsi uja, "paja ndi ntchito yanga."

Apa a Tolibjon anakoka mpweya wonse umene unawatsalira, n'kukuwa mpaka nkhunda zinabalalika: "Anthu a dera lino, abale anga, ndikuitana hashar! Bwerani mundisenzetse denga, ndalephera!"

Mawu asanathe n'komwe, bwalo linali litadzaza. Amuna asanu ndi mmodzi analowa pansi pa mtanda, awiri anadzutsa makwerero, wina anamasula chijasi. A Tolibjon atatsika, manja awo anakana kufunyulula, moti tiyi woyamba anachita kumwetsedwa ndi akazi awo, amene sanaleke kuwakumbutsa mmene amachitira ku Russia.

Atsikana awiri a m'tauni, otsatira a Behruz amene anabwera kudzajambulitsa pageti, anali atakweza kale mafoni awo. A Muqaddas anawafikira ndi beseni la karoti.

"Ana anga, nyumba ino inajambulidwa mokwanira. Wolowa pano lero agwira mpeni." Anawalanda mafoni, n'kuwaponya m'thumba la diresi lawo. Atsikanawo anayang'anana, anakhala pansi, ndipo karoti anamudula bwino ndithu.

Zimene munthu mmodzi anazilephera masabata atatu zinayenda ngati madzi a mumfuleni. Lachinayi madzulo mtanda unali pamalo pake. Lachisanu atachoka kumapemphero anakhoma matabwa, ndipo apa luso la a Tolibjon linaoneka, poti diso lawo linkaona thabwa lopendekeka ali chapatali. Loweruka anakwezera malata. A Tolibjon anamasula tcheni chija okha, mofulumira, akuganiza kuti palibe akuwaona.

"Mwawerenga, achimwene?" anakuwa a Ergash ali padenga. "Muwerengenso ndikamatsika, ndili ndi matumba akuluakulu."

Mayi wa pakona uja anapezeka kuti miseche anali nayodi, koma anabweretsanso mphika wake waukulu wa osh, ndipo ndi amene anakolopa chipinda cha mkwatibwi kawiri. Azimayi ena anadulira mpesa, n'kupaka laimu pamene panali matemberero ndi mawu achikondi aja.

Lamlungu mvula inayamba nthawi yomwe galimoto ya akuchikazi inkaima pageti. A Mirzohid analowa, anavula nsapato, anapatsidwa malo a ulemu kutali ndi chitseko. Anyamata a m'deralo anali atabwerera kwawo, koma a Ergash ndi akuluakulu ena anaitanidwa kuti akhale nawo. Mlendoyo anamwa tiyi. Mvula inalimbika, ikulira pamalata, ndipo iye anakweza maso, n'kuyendetsa kuchokera pangodya ina kufika pa inzake. A Muqaddas, ali pakhomo ndi mbale m'manja, anaiwala kupuma. Dontho silinagwe ngakhale limodzi.

"Denga labwino ili," anatero a Mirzohid. "Ndinamva kuti ndinu mmisiri wamkulu. Mwakhoma nokha?"

A Tolibjon anatsegula pakamwa, ndipo akazi awo anaona nkhani ya nyumba yosanjikizana ija ikubwera. Koma bamboyo anayang'ana zikhatho zawo zosupuka, anayang'ana a Ergash, n'kutsokomola.

"Ine ndinangogwira chingwe. Anakhoma ndi awa."

A Mirzohid anaika kapu pansi. "Ndiye bwino. Denga munthu atha kugula. Ine ndimafuna ndione ngati mwana wanga akadzakuwa pakhomo pano kudzabwere anthu." Anatambasula manja kuti apemphere, ndipo atatha ananyema buledi monga mwa mwambo wovomera mbeta kukwatiwa, n'kutchula tsiku la ukwati.

A Muqaddas anathamangira kukhitchini kukaimbira Sanjar, akulira ndi kuseka nthawi imodzi. A Tolibjon anakhala pansi pa denga lawo, pakati pa anthu amene anawatsekera geti masabata atatu, atadziwa ndi mikono yawo yomwe zimene akuluakulu ananena, kuti mutu umodzi susenza denga.