Phazi la Njiri pa Dongo la Pangano

Kale, nyama zisanaleke kulankhula, Njiri ndi Nang'omba anakangana pa nkhani ya madzi, ndipo mkanganowo unadya ana osalakwa. Onsewa ankakhala m'dambo la Kamphinda, momwe munali dziwe limodzi lokha losaphwa m'chilimwe. Njiri anali phungu wa ku Nyumba ya Malamulo, wokonda kuchemereredwa kuposa chakudya. Nang'omba anali woweruza milandu, mbalame yoyenda pang'onopang'ono ndiponso yosadziwa kuseka.

Kumtunda kwa dziwelo kunali chimene ankachitcha Pangano. Linali dongo lalikulu lophwathalala, louma gwa, pomwe makolo a mtundu uliwonse wa nyama anadindapo phazi chitatha chilala china choopsa. Tanthauzo lake linali limodzi basi: amene phazi la mtundu wake lili padongopo asamanidwe madzi. Malamulo ena onse ankapanga ndi aphungu, amene nyama zinkawasankha poima pamzere kumbuyo kwa yemwe zamukonda. Koma wina akadandaula ndi lamulo, Nang'omba ankapita padongo paja kukaona ngati lamulolo likugwirizana ndi Pangano.

Musaganize kuti Nang'omba ankangokana chilichonse, ayi. Chaka china aphungu analamula kuti mbalame zizimwa pomalizira, madzi atavundulidwa kale. Zinamuwawa, koma anati, "Kumwa pomalizira ndi kumwa ndithu, Pangano silinathyoledwe." Anakaima kumapeto kwa mzere ngati wina aliyense.

Tsono chilimwe china dzuwa linaswa mtengo, dziwe linachepa, nyama n'kumapanikizana pomwera. Tsiku lina mwana wa Njati anaponda munga wothothoka pamsana pa Nungu, phazi n'kutupa. Njati, yemwe anali wapampando wa aphungu, anakwiya mpaka kutuluka thovu kukamwa. Njiri ataona mkwiyowo anadziwa kuti pano pali kuchemereredwa kwaulere.

"Aphungu anzanga, tidikira kuti ana athu onse azitsimphina?" anafuula Njiri. "Nyama za minga zichoke pamadzi athu!"

Aphungu anapondaponda pansi kuvomereza, fumbi koboo, lamulo n'kudutsa. Njiri mchira unaima njo chifukwa cha chimwemwe. Sanaganizeko n'komwe za Nungu, mayi wamasiye amene ankalera yekha ana awiri kuseri kwa chulu.

Nungu anapirira masiku awiri, lachitatu anakagwada kwa Nang'omba. Woweruzayo anaitana mbali zonse padongo paja, namva mawu a aliyense mpaka kumapeto. Kenako anayenda mozungulira dongolo, akuwerama pa phazi lililonse, mpaka Njiri anayamba kuyasamula dala kuti anzake aseke.

"Lamulo ili lilibe mphamvu," anatero Nang'omba ndi mawu ake ochokera pansi pa khosi. "Phazi la Nungu nali apa, loyandikana ndi lanu, a Njiri. Ngati vuto ndi minga, apatulireni mbali yawoyawo yomwera. Imeneyo ndi ntchito yanu aphungu, ine sindilowererapo. Koma kuwamana madzi simungathe."

"Inuyo anakusankhani ndani?" anakalipa Njiri. "Kumbuyo kwa ine kunaima mzere wofika kuchulu uko. Nanga kumbuyo kwa inu kunaima ndani?"

"Palibe," anayankha Nang'omba. "N'chifukwa chake amene alibe mzere amabwera kwa ine."

Nyama zingapo zinaseka, ndipo kusekako kunamulasa Njiri mumtima. Anafika kudzenje kwake akupumira m'mwamba, osapatsa moni ngakhale ana ake anayi amene anamuthamangira. Mkazi wake atamva zomwe ankafuna kuchita, anagwira pakamwa.

"Bambo a ana, dongo lija si la Nungu yekha. Lisiyeni."

"Iwe, za ku Nyumba ya Malamulo uzidziwira kuti?" anatero Njiri, n'kumufulatira.

M'mawa mwake aphungu anagwirizana zinthu ziwiri: Nang'omba achoke pa uweruzi, ndipo phazi la Nungu lifafanizidwe. Koma ndani akanatha kuswa dongo louma zaka zonsezo? Onse anayang'ana Njiri, katswiri wokumba mizu. Iye anagwada monyadira, nalowetsa minyanga yake pansi pa phazi la Nungu, n'kutembenuza ndi mphamvu zake zonse.

Dongo linalira phwa! Mng'alu sunaime pomwe iye ankafuna. Unathamanga n'kuphwanyanso phazi loyandikana nalo. "A Njiri, tayang'anani chimene mwaswa," anatero Nang'omba. Koma fumbi linali litadzaza m'maso, nyama zikuimba dzina lake, ndipo Njiri sanacheuke.

Nang'omba sanauluke. Anachoka wapansi, pang'onopang'ono monga mwa nthawi zonse, kulowera kumapiri. Nungu nayenso anatenga ana ake kukafuna madzi kwina, ndipo mbiri inabwera yoti wamng'ono anafera panjira. Njiri atamva anangoti, "Zachisoni," n'kupitiriza kufukula mizu yake.

Chaka chotsatira mvula inagwa yonyenga, chilimwe n'kubwera choposa chija. Dziwe linatsala laling'ono ngati lichero. Njiri ndi banja lake ankachita zomwe njiri zonse zimachita kukatentha, kugubuduka m'matope a m'mphepete kuti thupi lizizire. Madzi anayamba kuda, nyama n'kuyamba kung'ung'udza.

Ku Nyumba ya Malamulo Njati anaimirira. "Nyama zogubuduka m'matope zichoke pamadzi athu," anatero. Njiri anaseka poganiza kuti ndi nthabwala, koma pansi panagwedezeka ndi kupondaponda kwa aphungu. Phazi lake lokha ndi limene silinaponde.

"Akuluakulu, ndili ndi ana anayi!" anadandaula. "Tiletseni kugubuduka, tileka lero lomwe. Koma madzi?"

"Lamulo ladutsa, a Njiri," anatero Njati osamuyang'ana. "Munatiphunzitsa ndinu kuti osankhidwa akanena, palibe wobweza."

Apa ndi pomwe Njiri anakumbukira Pangano. Anathamangira kumtunda, nayamba kufunafuna padongo paja. Phazi la Njati linalipo, la Mbidzi linalipo, ngakhale la Fulu linalipo. Pamalo pa phazi la Njiri panali dzenje ndi tizidutswa tadongo, ndipo m'mphepete mwa dzenjelo munkaonekabe zipsera za minyanga yake yomwe.

Anatola tizidutswato n'kutivwira m'kamwa, nauza mkazi wake kuti asunge ana mumthunzi wa dzenje, iye n'kuuyatsa ulendo wa kumapiri. Anayenda masiku awiri pakhosi pali gwa. Anamupeza Nang'omba palupsa, akutola ziwala zopsa ndi moto.

"A Nang'omba, ndalakwa ine," anatero Njiri atagwada. "Bwererani mukaweruze. Ana anga akufa ndi ludzu."

"Phazi lanu lili kuti?"

Njiri analavula zimene ananyamula. Tizidutswa tija tinali titaperesedwa ndi mano panjira, n'kusanduka dothi wamba. Nang'omba analiyang'ana nthawi yaitali, ndipo m'maso mwake munalibe chipongwe, munali chisoni chokha.

"Ine ndikudziwa kuti phazi lanu linalipo, ndipo lamulo lawolo ndi lolakwa," anatero. "Ndikhoza kunena zimenezi pano, ndikhoza kukanenanso kudziwe. Koma mphamvu yanga sinali m'mlomo wangawu, a Njiri. Inali poti aphungu ankamvera ngakhale chigamulo chikawawawa. Tsono andimvera ndani?"

Komabe anadzuka n'kupita naye limodzi. Atafika, Nang'omba anaima m'mphepete mwa dziwe n'kulengeza kuti lamulolo linali losemphana ndi Pangano. Nyama zinamuyang'ana pang'ono, kenako zinaweramanso n'kupitiriza kumwa. Njati anangopukusa khutu pothamangitsa ntchentche.

Njiri anapita kudzenje kwake. Mkazi wake anali pakhomo, maso ali gwa, misozi itamuthera. Njiri anaitana ana ake mmodzimmodzi, monga ankachitira pochokera ku Nyumba ya Malamulo. Anayankha mmodzi yekha, ndi kamawu kosamveka bwino.

Iye ndi mkazi wake anamutenga mwanayo n'kuchoka m'dambomo, kudzera njira yomwe ija anadzera Nungu. Pafupi ndi mtengo wina wouma anaona timinga ting'onoting'ono titamwazika pamchenga, ndipo anadziwa kuti tinali ta yani. Njiri analira mokweza, koma panalibe womuchemerera kapena womutonthoza.

Mpaka lero mukamuona Njiri kutchire, mumupeza atagwada, mphuno ili m'dothi, akufukula apa ndi apo. Ena amati akufuna mizu. Ife timati akufunabe tizidutswa ta phazi lake.

Phunziro: Osankhidwa ndi anthu apange malamulo, ndipo woweruza asawalande ntchitoyo. Koma akadumpha malire a pangano limene limateteza aliyense, pakhale wowabweza, ndipo iwo amumvere. Ukathyola bwalo lomwe laimira wofooka lero, mawa ukadzafooka iwe udzasowa kodandaula.