Mchenga Wotsalira M'paipi

Panali munthu wina ku Ndirande, wosula mbaula ndi ndowa, dzina lake Chikafa. Kale anali makaniko. Anagwira ntchito pa galaja ina zaka makumi awiri ndi zisanu, mpaka tsiku limene eni ake atsopano anauza aliyense kuti aonetse satifiketi. Iye anaonetsa manja. Anamuyankha kuti manja salowa m'faelo, nam'lozera chipata. Ndi mmene dziko lino limathokozera anthu.

Tsiku lina kunafika mphunzitsi wopuma, a Likagwa, chipewa chili m'manja. Anali ndi galimoto yakalekale, yamsana wozungulira ngati kamba. Akazi awo, a Nanyoni, anali atadwala chaka chathunthu, ndipo kuchipatala anali atawauza mawu aja owawa akuti kayeseni kunyumba. Mayiwo anapempha chinthu chimodzi chokha. Anafuna kukafika kwawo ku Ntcheu maso akuonabe, ndipo anafuna kupita pa galimoto yomwe inawatenga kumeneko ali mtsikana. Minibasi anaikana. Galimoto yatsopano ya mwana wawo anaikananso.

Koma galimoto yakaleyo inali ndi bala. Paipi yachitsulo imene imayendetsa madzi pakati pa rediyeta ndi injini inali itadyeka ndi dzimbiri, moti ukailoza kudzuwa inkaoneka ngati sefa. M'masitolo a ku Limbe anawaseka. Amakaniko a maovolosi oyera anati, "Madala, zimenezi anasiya kupanga ife tisanabadwe. Kagulitseni kwa ogula zitsulo."

Chikafa anatembenuza paipi yowolayo m'manja. Inali yokhota pawiri.

"Ndipanga ina," anatero. "Lachisanu munyamuka."

Anasakasaka mumsika mpaka anapeza miyendo iwiri ya desiki yakale, yobooka m'kati, kukula kwake kofanana ndi paipi ija. Tsono paipi yopanda kanthu m'kati sipindika bwino. Ukaikakamiza imafinyika pokhotapo, madzi n'kusowa podutsa. Imafuna kuidzaza mchenga, ndipo mchengawo ukhale wouma gwa, chifukwa wachinyezi ukalawa moto umaphulika n'kukuthyola mano.

Choncho anatsikira kumtsinje, natapa mchenga, nausefa, naukazinga m'chiwaya ngati mtedza. Amayi ogulitsa makala pafupi naye anafa nacho chiseko.

"Achimwene, zafika pamenepa? Lero ndiwo ndi mchenga?"

"Mubwere ndi mbale," anayankha osatukula mutu.

Anadzaza chitini cha mkaka mpaka pakamwa, nasalaza ndi chala. Anatseka mbali imodzi ya paipi ndi chikuni, nayamba kuthira pang'onopang'ono, akugogoda ndi sipanala kuti mchenga utsendereke. Anagogoda kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Chitini chonse chinalowa. Umu ndi mmene ankachitira kuyambira kale: mchenga wolowa auyese, wotuluka auyesenso.

Paipi yoyamba inang'aluka pokhota pachiwiri, chifukwa moto unachepa. Sanatukwane. Anaiponya pambali, natenga mwendo wotsalawo, podziwa kuti wachitatu palibe. Anadzazanso chitini mpaka pakamwa, nayambiranso kuthira ndi kugogoda mpaka chonse chinalowa. Anapukusa mvukuto mpaka chitsulo chinafiira ngati phwetekere, nachipinda paphanda la mtengo, pang'ono, n'kuyerekeza ndi yakale ija, pang'ononso, n'kuyerekezanso. Lachisanu m'mawa paipi inali itatheka. Kumapeto konse kuwiri anaisulira kamlomo kuti labala yolumikizira paipiyo isavuke.

Asanapume n'komwe, kunafika mwana wamkulu wa a Likagwa, bambo wa mu ofesi, akuliza hutala ya galimoto yake ngati kwapsa nyumba. Chikafa anakhuthulira mchenga pachiguduli, natsukuluza paipi kamodzi, nakulunga zonse pamodzi ndi zida zake, nakwera.

Kunyumba kwa a Likagwa anthu anali atasonkhana kale. Chikafa anamanga paipi, nathira madzi. Sipanadonthe ngakhale dontho. Anansi anaomba m'manja. A Nanyoni anawanyamula n'kuwagoneka kumpando wakumbuyo, mapilo uku ndi uku. Abusa anapemphera. A Likagwa anakhala pachiwongolero, kiyi ali m'manja.

Chikafa anali pambali akulongedza zida. Mchenga wosefa ndi wokazinga satayira pansi, choncho anaubwezera m'chitini. Sunafike pakamwa. Unaperewera ngati kunenepa kwa chala.

Anakutumula chiguduli. Panagwa timchenga towerengeka. Mtima wina unamuuza kuti mwina unatayikira m'njira, kapena unapita ndi madzi otsukuluza aja. Unamuuzanso kuti anthu aomba kale m'manja, ndipo munthu amene wakhala zaka osaomberedwa m'manja sasewera nazo zimenezo. Koma iye ankadziwa kuti mchenga ukapsa umamatirira pokhota ngati nkhoko mumphika. Madzi ozizira sauchotsa. Umadikira madzi otentha.

Anaimirira, nakaika dzanja paboneti.

"Aphunzitsi, musalize."

"Kwagwanji, a Chikafa?"

"Mchenga wanga sunabwere wonse."

Mwana uja anatuluka m'galimoto yake akupukusa makiyi pachala. "Madala, mwayamba kale kachasu m'mawa uno? Amayi ali chonchi, inu mukulira mchenga? Ndikugulirani wilibala yathunthu!"

"Wotayika sindikuulira, bwana. Ndikuopa umene uli m'katimu. Injini ikatentha ukanganuka. Udya pampu, utseka rediyeta. Mukaima pa Phalula dzuwa lili paliwombo, popanda ndi mthunzi womwe, mayiwa ali m'galimoto."

"Mwauona ndi maso anu?"

"Ayi."

"Ndiye chokani kutsogoloko! N'chifukwa chake anakuchotsani ntchito."

Mawu amenewo analowa ngati msomali. A Likagwa nawo anayankhula motsitsa, ndipo zawozo zinapweteka koposa: "A Chikafa, chonde. Nthawi tilibe."

Chikafa anatsegula boneti, natenga sipanala, namasula paipi imene anali atangoimanga. Madzi onse anakhuthukira pansi anthu akuona. Ena anang'ung'udza. Ena anatukwana. Wina anati nkhalambayi ndi mfiti, ikufuna mayiwa afere pakhomo pano.

Pamenepo kumpando wakumbuyo kunamveka mawu ang'onoang'ono.

"Musiyeni munthuyo agwire ntchito yake," anatero a Nanyoni. "Ine ndadikira chaka. Inu akukuvutani maola awiri?"

Chikafa anakhala pansi padothi, paipi ili pamiyendo. Anapinda waya, naulowetsa, nakokota. Pokhota poyamba sipanatuluke kanthu. Anthu anayang'anana, mwana uja n'kuseka chapamphuno. Chikafa anatembenuza paipi, nalowetsa waya mbali inayo, nakokota, nagogoda ndi nyundo. Ndiye chinagwa pachiguduli chibulumwa chakuda, chouma ngati nkhoko ya mumphika. Chinatsatira chinzake. Anaziphwanya ndi chala, nathira m'chitini. Mchenga unafika pakamwa.

Chikafa sanayang'ane munthu kumaso. Anamangirira sanza kuwaya, naikoka m'paipimo kasanu ndi kawiri, mpaka inatuluka yoyera. Anatsuka ndi madzi otentha, namanganso, nathira madzi ena.

"Tsopano lizani," anatero.

Ananyamuka dzuwa lili pamutu. Galimoto inawoloka Shire pa Zalewa, inadutsa kotentha konse kuja, inakwera zitunda osawira. A Nanyoni anafika kwawo kukuwalabe, ndipo anatchula mayina a abale awo mmodzimmodzi. Anakhala masiku asanu ndi anayi pakhonde la nyumba imene anabadwiramo, kenako anagona.

Pamaliro anathokoza abusa, anathokoza a kwaya, anathokoza ndi amene anabwereketsa mipando. Dzina la Chikafa silinamveke. Lolemba lotsatira iye anali pamalo pake, akukhoma mbaula.

Tsono inu amene mukundimveranu, musadzinamize. Lidzafika tsiku limene anthu onse adzati ntchito yanu yatha, ndi yokongola, tiyeni tizipita, koma inu nokha mukudziwa kuti china chatsalira m'kati. Okufulumizitsaniwo sadzakhalapo pamene zidzaphulike. Ngati adzakhalepo, adzaloza inu. Masulani pomwepo, ali chikutukwanireni. Ndipo musadikire zikomo, chifukwa tsoka limene mwaliletsa palibe amaliona. Munthu amene muli naye pampando wakumbuyo akafike.