Chipolopolo Chimodzi cha Alamu Anga a Kanjedza

Ana inu, nkhani iyi yakhala pakhosi panga zaka makumi anayi ngati munga wa nsomba. Kwa abusa ndidaulula kale. Lero ndikuilemba kuti nanunso muidziwe, ngakhale wochita manyazi m'menemo ndine ndemwe, Lufeyo. Sukulu ndidalekeza Sitandade 5, ndiye musayembekezere mawu apatali.

Kwathu, kuseri kwa nkhalango ya Dzalanyama, tidali ndi kalabu ya alimi a chinangwa. Mdani wathu adali nguluwe. Wotilondera minda adali alamu anga a Kanjedza, amuna a achemwali anga a Nankhoma. Mulungu andikhululukire, koma bambo aja sadali okongola. Mphuno idali ngati mbatata yokumbidwa ndi khasu lobuntha, ndipo mano awiri akutsogolo ankayang'ana kosiyana ngati anthu okangana.

Mfuti yawo idafanana nawo. Idali ya m'manja, ija ya kamphika kozungulira, chogwirira chake chomanga ndi mphira. Adawasiyira ndi bwana wa pa esiteti imene ankalondera kale, pamodzi ndi mapepala ake. Zipolopolo zake zidali za mtundu wotchedwa fote-wanu, umene anthu ambiri sankaufuna. Ukapita kwa ogulitsa m'tauni, ankangopukusa mutu. Choncho alamu akawombera ankatola khoko la mkuwa la chipolopolocho, n'kulitsuka, n'kuliyanika pa lichero, kenaka n'kuthiramonso onga ndi mtovu ndi tizipangizo timene bwana uja adawasiyira. Makoko khumi ndi asanu okha adawatumikira zaka zambirimbiri.

"Alamu," ndinkawaseka, "mfuti yanuyi ili ngati nkhalamba yodya phala la mtundu umodzi. Bwanji osapeza ya zipolopolo zopezeka paliponse?"

"Yaing'ono ija, firii-faifi-seveni, nguluwe yaikulu imangoiyabwa," ankayankha mofatsa. "Yaikulu ija, fote-folo, imamenya mwini wake isanamenye nyama. Iyi ndi mwana wapakati, alamu. Satamandidwa, koma ndiye atunga madzi."

Chaka china kudabwera mnzanga Yelemiya kuchokera ku Joni. Adabwera ndi chipewa chachikulu, nsapato zosongoka, ndi fote-folo yonyezimira ngati supuni yatsopano. Ankafuna ntchito ya alamu, ndipo adandilonjeza jekete lake lachikopa ndikamuthandiza. Nthawi yomweyo chinguluwe china chachimuna chidayamba kutipulula chinangwa, munda ndi munda. A kalabu adagwirizana kuti Loweruka m'mawa kukhale uzimba, ndipo amene aphe chinguluwecho ndiye akhale mlonda.

Apa ndiye pali tchimo langa. Lachinayi masana ndidapeza makoko khumi ndi anayi ali pa lichero kuseri kwa nyumba ya alamu. Ndidawakokolera m'thumba. Kutaya ndidaona kuti n'kuwononga, ndiye ndidathiramo fodya wonunkhiza, n'kutseka ndi timitengo, kuti ndizikagawira azimayi achikulire a kumudzi kumene ndinkafunsira mbeta.

Madzulo ake ndidapeza alamu atakhala pakhonde, manja ali m'masaya.

"Akhwangwala andilanda makoko, alamu," adatero. "Amakonda zonyezimira. Latsala limodzi lokha, limene lili m'mfutimu."

"Mbalame zimenezi n'zopanda chisoni," ndidayankha ine, uku thumba langa likulemera.

"Ndiye musapite Loweruka, abambo," adatero achemwali. "Mukachita manyazi pagulu."

"Nguluwe ndi imodzi, chipolopolo ndi chimodzi. Chavuta n'chiyani, mayi?"

Loweruka dzuwa litakwera pang'ono, amuna adalowa m'tchire la kumunsi kwa dambo ndi agalu, akumenya zitini. Ine ndidaima kumbuyo kwa Yelemiya m'munda wa chinangwa, nditavala kale jekete lija ngakhale kunkatentha. Makoko aja ndidawaika m'matumba a jeketelo, poopa kuti ndikawasiya kunyumba wina awapeza.

Tidangomva tchire likuthyoka. Chinguluwe chidatulukira, msana uli nyankhalala, mano ngati zikwakwa.

"Taona ntchito ya ku Joni, Lufeyo!" adakuwa Yelemiya, atagwira mfuti ndi dzanja limodzi, linalo lili m'chiuno.

Phuu! Mfuti idadumpha n'kumugogoda pachipumi, chipewa n'kuuluka. Chipolopolo chidapha chulu. Chachiwiri chidadula nthochi ya a Nasiketi, mayi wamasiye amene sadalakwire munthu. Zinazo sindikudziwa kumene zidapita, chifukwa pomwe ndinkacheuka, Yelemiya adali atafika kale kutsidya kwa dambo, nsapato zosongoka zili m'manja.

Chinguluwe chidayang'ana ine.

Ana inu, pamene pali mantha palibe kusankha mtengo. Umene udali pafupi udali mpapaya. Ndidaukwera ngati buluzi. Koma mpapaya si mtengo, ndi udzu wonenepa chabe. Udayamba kuwerama pang'onopang'ono, mpaka ndidapezeka miyendo ili kumwamba, mutu uli pansi, mpweya wa chinguluwe ukunditentha m'khosi. Ndipo matumba a jekete adayamba kulavula. Ngwe! Ngwe! Ngwe! Makoko onse khumi ndi anayi adagwera pansi, fodya ali fumbi lokhalokha.

Alamu adafika akuyenda ngati munthu wopita kumsika. Adayang'ana pansi, adayang'ana ine.

"Kodi alamu," adatero, "akhwangwala a masiku ano avala majekete?"

"Alamu, wombani! Ndikufa ine!"

"Ndili ndi chimodzi chokha. Ndikaphonya, mudzandibwereke fodya ndinunkhizitse chinguluwechi."

"Ndalakwa, alamu! Ndine ndidaba! Ndalapa pamaso pa Mulungu ndi pa nguluwe!"

Chinguluwe chidapuma fodya uja n'kuyetsemula, kenaka chidatembenukira kwa alamu n'kuthamanga. Iwo sadasunthe. Adagwira mfuti ndi manja awiri, adadikira mpaka ine ndidatseka maso. Kulira kwa mfutiyo kudali kumodzi. Nditatsegula maso, chinguluwe chidali chitagona pa mzere wa chinangwa, ndipo mpapaya udathyoka n'kundigwetsera pambali pake.

Alamu sadandidzutse. Adayamba atola makoko awo, limodzilimodzi, akupukuta lililonse pa malaya.

Anthu atasonkhana, nkhani idali itamveka kale, poti kulapa kwanga kudafika mpaka kudambo. A kalabu sadachedwe, adati a Kanjedza apitirize ulonda. Mayi wina, pofuna kuseka, adafunsa achemwali kuti, "Koma Nankhoma, bambo amenewa mudawaonera chiyani?"

Achemwali adamanga chitenje bwinobwino, n'kuyankha mokweza kuti aliyense amve.

"Tsiku limene ndidawaona ku gule, anyamata okongola adali mbwee, koma onse ankangoyang'anana, wotsogolera nyimbo panalibe. Awa adangotsegula pakamwa, bwalo lonse lidanyamuka. Ndidati mumtima, nkhope ndidzaizolowera. Mfuti yawonso ndi chimodzimodzi. Ukaipa, dziwa nyimbo!"

Anthu adaseka mpaka ena kukhala pansi. Mawuwo adapita ndi amene adabwera kudzagawana nyama, ndipo posakhalitsa tidayamba kuwamva m'midzi ina, kwa anthu amene sadawaonepo alamu anga. Ena adzakuuzani kuti mwambiwu ndi wakale kuposa pamenepa. Mwina. Ine ndikunena pamene ndidaumva koyamba, ndili chigonere m'chinangwa.

Mbeta ija idandikana sabata yomweyo. Alamu adalondera minda yathu zaka zina khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndi mfuti yomweyo, ndipo sadandinenepo choipa. Chilango changa chidali chakuti akawombera, wotsuka makoko ndidali ine.

Tsono tanthauzo lake ndi ili. Ukaipa, dziwa nyimbo. Ngati sudapatsidwe nkhope, kapena dzina lotchuka, kapena gulu lokuombera m'manja, usataye nthawi kulira. Dziwa chinthu chimodzi, uchidziwe mpaka pansi, kuti tsiku limene anthu adzasowe pogwira adzaitane iwe. Ndipo inu amene mudabadwa osalala, musamaseke munthu kapena chida chifukwa sichikondedwa ndi ambiri. Yambani mwafunsa kuti chakhalitsa chifukwa chiyani. Ine ndidafunsa mochedwa, mutu uli pansi.