Michombo ya ku Pointe Merle

Lamulungu masana, atabwerako ku Misa, a m'banja la Charlery anakhala pakhonde kudya nthochi zowiritsa ndi nsomba yamchere. Mayi Ermine Charlery anali nduna yoona za ubale ndi mayiko ena pachilumba cha Saint Orane, koma unduna wawo unkathera pachipata. Amuna awo, a Cuthbert, ankawatumabe tsabola. Mwana wawo Solange, namwino wogwira ntchito kudziko lalikulu la kumpoto, anali patchuthi, ndipo m'mawa mwake ankayenera kukakonzetsa viza ku ofesi ya kazembe kuti abwerere kuntchito.

Chakudya chili mkati, achimwene a nduna, a Fitzroy, analowa osaodira, nkhope ili gwa.

"Adula, Ermine. Kokonati yense wa kumunsi kwa Pointe Merle ali pansi. Mtengo wanga, wako, wa malemu amayi. Akhoma zikhomo zofiira mpaka kumchenga."

Mayi Charlery anaika foloko pansi. Pa Saint Orane mwana akabadwa, mchombo wake amaukwirira pamalo a makolo n'kudzalapo kokonati. Malo otero sagulitsidwa, chifukwa eni ake ndi amoyo, akufa ndi osabadwa omwe. Dziko lalikulu lija linkafuna Pointe Merle kuti sitima zake zankhondo zizimwerapo mafuta. Zokambirana zinali zisanathe, koma kazembe wake, a Whitlock, anaona kuti kudikira kachilumba kooneka ngati chitosi cha ntchentche pamapu n'kudzichedwetsa. Anangotumiza oyeza malo ndi makina odulira mitengo.

Mbale zisanachotsedwe, galimoto ya mbendera inaima panja. A Whitlock anakwera masitepe akumwetulira, botolo la vinyo lili m'manja.

"Pepani anduna, ndakupezani pa chakudya. Anyamata anga apupuluma pang'ono. Tibweretsa mbande zatsopano, zamtundu wabwino, zobereka msanga."

"Mbandezo zibwera ndi michombo yake?" anafunsa a Cuthbert, akuchotsa munga m'kamwa.

Kazembe sanamve, ndipo sanafunse. Anakhala pampando umene sanapatsidwe.

"Tilankhule ngati akuluakulu," anatero. "Boma langa latopa n'kudikira. Mukapanda kusayina sabata ino, zenera la maviza litsekedwa. Anthu anu ambiri amadyera kwathu." Anayang'ana Solange. "Ndikumva kuti mwana wanu ndi namwino wabwino kwambiri."

Mayi Charlery anayang'ana mwana wawo. Ankadziwa zaka zimene Solange anavutika kuti apeze ntchito imeneyo. Ankadziwanso makomo a pachilumbapo amene moto wake umayaka chifukwa cha ana ogwira ntchito kumpoto. Anapukuta manja pang'onopang'ono.

"Akazembe, mukamabwera kuno munadutsa pansi pa phiri la Gabriel. Munaona chimpira choyera chija pamwamba pake?"

"Siteshoni yathu yoyezera nyengo. Ikukhudzana bwanji?"

"Namondwe aliyense wopita kwanu amayamba wapereka moni kwa ife. Chimpira chija ndicho chimauza mizinda yanu ya kunyanja kuti anthu athawe. Pangano lake likutha mwezi wa mawa, nyengo ya namondwe ikungoyamba kumene, ndipo nduna yaikulu inati wosayina latsopano ndine. Tsekani zenera lanu. Ife tikatseka chipata chathu."

"Mukuopseza dziko langa?"

"Ayi, ine ndingaopseze ndani? Asilikali athu onse akhoza kukwana m'basi imodzi, mipando n'kutsalako. Ndikungokuuzani pamene takhala. Mukafuna kutimenya, yang'anani kaye chimene chili pansi pathu. Zikhomo zanu zizulidwe, ndipo za Pointe Merle tisakambenso."

A Whitlock anaimirira, khosi litafiira. A Fitzroy anawatsatira mpaka pamasitepe n'kuwabwezera botolo lija.

"Mwaiwala mankhwala anu, bwana. Mutu ukamapweteka usiku, amathandiza."

Galimoto itachoka, Solange anakankha mbale yake.

"Amayi, mwatchova njuga ndi ntchito yanga."

"Inde, mwana wanga."

"Basi? Inde basi? Akatseka zenera lija ine ndidzatani, ndizikadyetsa odwala anga kokonati?"

"Sindikudziwa ngati satseka," anatero mayi ake mofatsa. "Koma ndikagwada lero chifukwa cha iwe, mawa adzabwera kudzafuna doko chifukwa cha mwana wa wina. Pomaliza tidzakhala alendo pakhonde pathu pomwe."

"Zandale zimenezo mukanene kunyumba ya malamulo," anatero Solange, n'kulowa m'nyumba.

A Cuthbert anakokera mbale ya mwana wawo kufupi. "Mkwiyo ndi wa amayi ake," anatero, "koma kusiya nsomba sindikudziwa anatengera ndani."

Palibe anaseka. Madzulo amenewo Mayi Charlery anatsikira ku Pointe Merle ndi achimwene awo. Anaima pakati pa zitsa zotuwa, osatha n'kuzindikira chawo. Anthu a m'mudzimo anali atakhala pamitengo yogwayo ngati pamaliro. Palibe anawafunsa kanthu, ndipo iwo analibe cholonjeza.

M'mawa mwake Mayi Charlery anaperekeza Solange ku ofesi ya kazembe, osakwera galimoto ya boma. Mzere unali wautali ngati Lolemba lililonse: ophunzira, othyola zipatso m'minda ya kumpoto, agogo opita kukaona zidzukulu. Mbiri inali itawanda kale, ndipo aliyense ankaba kuyang'ana nduna. Mayi ndi mwana anaima pambuyo, osalankhulana. Nthawi yotsegula inakwana, zenera lili chitsekere.

Kenaka kamseu kanadzaza ndi phokoso la lole. Inalowa pachipata cha kumbali, kumbuyo kwake kutadzaza zikhomo zofiira, dothi likadali kunsonga. Pasanapite nthawi chitsulo cha pazenera chinakwera, kalaliki n'kuitana mwaulesi: "Woyamba."

Solange anatulutsa pasipoti m'chikwama, osayang'ana mayi ake.

"Mitengo ija sidzukanso," anatero.

"Sidzuka. Koma malo alipo. Sendera, mzere ukuyenda."

Dziko lalikulu linali ndi ndodo yaitali, ndipo linaikwezadi. Koma lisanamenye linayang'ana pansi n'kuona kuti chimene chingasweke ndi chake chomwe. Akuluakulu sananame: khoswe akakhala pamkhate sapheka.