M'chiuno mwa Yani?

Kalekale, mitsinje isanadziwe milatho, m'mudzi wina munali mayi dzina lake Nanthambwe. Anali wamfupi, koma wochenjera ngati akazi akwathu kuno, amene sitipusitsidwa wamba.

Tsiku lina m'dzinja, uthenga unafika woti mchemwali wake ali kayakaya kutsidya, ndipo akuitana dzina lake. Nanthambwe anabereka khanda lake, liwiro kumtsinje. Anapeza madzi ali psuu, akukokolola zinyalala.

Mtima unamuuza kuti angowoloka. Si pomwepa anadutsa popita kuchinamwali, madzi akulekeza m'mapazi? Koma anakumbuka kuti nthawi ija chinali chilimwe.

Chapafupi panali nkhalamba yoluka mono, a Kamtedza. Iwo anati mtsinjewo amaudziwa ngati khonde la nyumba yawo, ndipo padooko limenelo madzi sapitirira m'mawondo. Nanthambwe anawafunsa mwaulemu kuti anawoloka liti komaliza. A Kamtedza anatsokomola, nati miyendo inayamba kuwakana chaka cha dzombe.

Patsinde pa mkuyu panakhala bambo wina wapaulendo, akufinya nsalu yake. Ameneyu anali atangowoloka kumene, thupi lili chonyowa.

"Wolokani, mayi," anatero. "Akungolekeza m'chiuno."

Munthu wonyowa anganame za madzi? Nanthambwe anamangitsa mbereko, naponda phazi limodzi m'madzi. Pomwepo khanda linayetsemula pakhosi pake. Anabweza phazi lija.

"Pepani bambo, taimirirani pang'ono."

"Mukufuna kundiyeza ukwati? Mkazi ndili naye kale, ndipo ndi wolongolola."

Anaseka, nayamba kuimirira. Anaimirira, kuimirira, kuimirirabe, mpaka mutu unagunda nthambi ya mkuyu. Nanthambwe anasendera pafupi. Chiuno cha bamboyo chinalingana ndi chibwano cha mayiyo, ndipo kamutu ka mwana kanali m'munsi mwa pamenepo.

"Simunaname, bambo," anatero. "Koma m'chiuno mwanu ndi m'manda mwa mwana wanga."

Kuseka kunatha. Bamboyo anayang'ana khanda, nayang'ana madzi, manyazi atamugwira. Anapempha kuti amupatse mwanayo, namunyamula paphewa. Ndi dzanja linalo anagwira mkono wa Nanthambwe. Pakati pa mtsinje madzi anamufika mayiyo pakamwa, mapazi akuyandama, koma mwana anali pamwamba, ali gwa, akukoka tsitsi la mlendo.

Nanthambwe anafika mchemwali wake akupumabe, ndipo wodwalayo anafungatira mwana wosanyowa.

Nthano yanga yawoloka, yathera pompa. Munthu akakuuzani zimene waona, muyambe mwamuimiritsa muone msinkhu wake.