Maondo Atsopano a Mwini Njinga

Panali mkulu wina wokonza njinga, amene ankakhala m'mudzi wa m'tsinde mwa phiri. Anali ndi zaka makumi asanu ndi awiri. Mano anatsala anayi, msana unali utapindika, ndipo maondo anali atauma gwa, moti panatha zaka makumi awiri asanagwadepo ngakhale m'tchalitchi. Koma mutu unali wakuthwa. Ndi zitsulo zotola, mawaya a wailesi yakufa ndi batire la galimoto, anapanga njinga yodabwitsa. Ukaipalasa chamtsogolo inkakufikitsa ku masiku amene sanafike. Ukaipalasa chambuyo inkakubwezera kumene wachokera.

Chaka ndi chaka mkuluyu ankapita kutsogolo kukasuzumira mvula, n'kubwera kudzauza anthu tsiku lodzala. Sanaphonyepo. N'chifukwa chake pamsonkhano uliwonse mpando woyamba unali wake, chikho choyamba cha thobwa chinali chake, ndipo akangotsokomola aliyense ankakhala chete. Munthu akazolowera zotere amayesa kuti anthu akumvera nzeru zake zokha. Sadziwa kuti theka la ulemuwo ndi la imvi.

Lolemba lina anapalasa masiku asanu okha chamtsogolo, ndipo atatsika sanaupeze mudzi. Napolo anali atadutsa. Phiri linali litang'ambika, matope ndi miyala zitakwirira nyumba zonse. Pamene panali nyumba yake anangoonapo mtondo wa mkazi wake, utagona chammbali pamatope. Mantha anamugwira. Anakwera njinga n'kupalasa chambuyo ndi mphamvu imene iye mwini sankadziwa kuti ali nayo, mpaka tcheni chinafiira. Njinga inamufikitsadi Lolemba lomwe lija, koma liwirolo linayoyola zaka pathupi pake. Anatsika ali mnyamata wa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu.

Abale anga, chimwemwe chake musachifunse. Anayang'ana manja, makwinya palibe. Anayendetsa lilime m'kamwa, mano onse alimo. Ndodo anaiponya patchire. Analumpha ngalande imene kwa zaka zambiri ankachita kuizungulira, n'kubwerera kudzailumphanso, kungofuna kumva kukoma kwake. Anathyola nzimbe kuseri kwa nyumba n'kuisenda ndi mano, madzi akuyenderera mpaka m'chigongono. Anakwera mumtengo wa mango popanda chokafunamo, n'kuyamba kuitana mkazi wake ali pamwamba.

"Nakwenda, tulukani mudzaone!"

Nakwenda anatuluka ndi munsi m'manja, kuti athane ndi wakuba nzimbe. Koma anaona kuti mnyamatayo wavala malaya amene iye mwini anasokapo chigamba, ndipo akudzikanda kuseri kwa khutu ndi sipanala monga ankachitira mwamuna wake. Anangokhala pansi, dzanja lili pakamwa.

"Ndinudi, abambo a Teleza? Nanga ine anthu aziti ndine mkazi wanu kapena agogo anu?"

Anaseka onse awiri mpaka misozi. Kuseka kutatha m'pamene mwamuna uja anakumbukira chimene anathamangira.

Tsikulo kunali dima: mudzi wonse unasonkhana kulimitsana m'munda wa Zefaniya, mphwake wa mkulu uja, bambo wa zaka makumi asanu amene ankayang'anira mbumba amalume ake akachoka. Anthu anali akupuma pamthunzi. Mnyamata wathu anafika akuthamanga, chipewa chili kumutu, n'kukhala pampando wake wa masiku onse. Anatenga chikho choyamba cha thobwa n'kugugudiza. Kenaka anati, "Iwe Zefaniya, uza anthu asamuke. Napolo akubwera Loweruka."

Anthu onse anamutembenukira. Kenaka phokoso linabuka. Mwana wa yani ameneyu, wotchula mkulu dzina, wokhala pampando akuluakulu ali pamphasa? Anayesa kufotokoza kuti ndi iye mwini njinga, koma anthu anati n'chamba chimenecho. Anamulanda chikho n'kumukankhira kumsewu. Za napolo palibe amene anazimva. Anangomva mwano basi.

Lachiwiri anakafuula pachitsime. Lachitatu anakafuula pamsika. Akamakweza mawu, anthu ndiye ankatsimikiza kuti mutu sukuyenda. Mitambo inayamba kuunjikana pamwamba pa phiri. Walira mvula walira matope: unyamata umene ankaulakalaka uja unabwera ndi zake.

Lachinayi m'mawa Nakwenda anamupeza pakhonde, akutukwana thupi lomwe ankalivinira lija.

"Miyendo mwaiyesa, mano mwawayesa," anatero mayiyo. "Nanga maondowo mwawayesa?"

"Ine ndikagwadire Zefaniya? Mwana amene ndinkamupukuta mamina?"

"Chabwino. Inu mutsala ndi ulemu wanu, ife tikhala pansi pa matope."

Mawuwo anamulasa. Ananyamuka ulendo wa kwa mphwake, ndipo ulendo uno sanathamange. Anaima chapatali n'kuodira. Anavula chipewa n'kuchipana m'khwapa. Anatsitsa bondo lamanzere, kenaka lamanja, ndipo maondo amene anakana kwa zaka makumi awiri anapinda bwinobwino osalira. Anaomba m'manja katatu, anadikira pang'ono, n'kuombanso kamodzi, maso ali pansi.

"Bambo, ine ndine mwana," anatero. "Ndasenza mawu olemera kuposa msinkhu wanga. Ndati ndiwatule kwa inu, kuti mukawanene ndinu."

Zefaniya anangoti kukamwa yasa. Magwadidwe amenewo panalibe mnyamata wa masiku ano amene ankawadziwa. Chipewa m'khwapa, bondo lamanzere patsogolo, katatu kenaka kamodzi. Munthu mmodzi yekha ndiye ankagwada choncho, amene anamuphunzitsa iye ndi kamkwapulo ali wamng'ono.

"Amalume," anatero Zefaniya, "dzukani."

"Sindidzuka mpaka mutandimva."

Masana omwewo Zefaniya anaimirira pamaso pa mudzi wonse, mnyamata uja atakhala pansi pambali pake. Mawu anali omwe aja, tsiku lake lomwe lija, Loweruka. Koma tsopano anthu anadzambatuka. Anatulutsa mbuzi m'makola, anamanga nkhuku miyendo, anatapa chimanga m'nkhokwe, onse ulendo wa kumtunda wa tsidya lija la mtsinje.

Apa m'pamene thupi latsopano linapeza ntchito yake. Mukanamuona. Matumba ankasenza awiriawiri. Nkhalamba zimene ankamwa nazo thobwa anazibereka kumsana imodziimodzi, akuzitchula mayina a paubwana, izo zikumutukwana uku zikuseka. Anawoloka mtsinje n'kubwerera, n'kuwolokanso, akuimba, mpaka anthu analeka kuwerenga. Womaliza kumubereka anali Nakwenda, amene ananena ali kumsanako kuti ngakhale tsiku la ukwati wawo sananyamulidwe chotere. Mvula inali itayamba, mtsinje ukudzaza. Njinga inatsala pakhonde, chifukwa msana unali umodzi.

Loweruka m'mawa phiri linang'ambika. Anthu anaima pamtunda n'kumaonerera matope akumeza nyumba zawo, ndi njinga yomwe. Amayi analira. Koma atawerengana banja ndi banja, anapeza kuti palibe ndi mmodzi yemwe amene wasowa, ndipo kulira kuja kunasanduka nthungululu.

Pamudzi watsopano, anthu atavomereza kuti analidi mwini njinga uja, anamubwezera mpando wake. Iye anakana. Amakhala pansi pamodzi ndi achinyamata, thobwa limamufika pomaliza, nsenga zokhazokha, ndipo amati nsengazo amazitafuna ndi mano ake onse.

Tsono inu amene mukundimvera, musaganize kuti njingayo inakwiriridwa yonse. Aliyense wa ife wakwera yake, ndipo ikupita. Lero akukupatsa mpando, mawa udzatsika pamalo pamene sakukudziwa: ntchito yatha, thupi lasintha, kapena wasamukira kwa eni. Chilungamo udzakhala nacho ndithu m'kamwa mwako, koma ukachinena uli pampando umene sulinso wako, anthu adzangomva mwano. Tsiku limenelo usataye nthawi kulirira imvi zako. Funsa kuti chachikulu n'chiti, mpando wako kapena anthu amene phiri likufuna kuwagwera. Ukapeza yankho, yesa maondo.